Mwini Mphongo Ndiye Woyamba Kusankha

Ndiyambe ndi kuyamika. Ndikuthokoza Mulungu wakumwamba amene wandisungira mpweya mpaka lero, amene anaona zonse ndikufuna kunenazi zikuchitika koma sanandichotsere chifundo chake. Ndikuthokozanso chifukwa cha mkazi amene anandipatsa, yemwe ananena zoona nthawi yonse imene ine ndinali wogontha. Nkhaniyi ndi ya galu. Ena adzaseka kuti bambo wa imvi, wotsogolera mapemphero a m'makomo, akulemba za galu ngati akulemba za m'bale wake. Aseke. Amene anandilenga ine ndi yemweyo analenga galuyo, ndipo anamuika m'manja mwanga kuti ndimusunge.

Timakhala ku Linda, kumapeto kwa komboni, kumene nyumba zimathera ndipo kumayambira maenje a amayi ophwanya miyala. Ndinachokera kummawa ndili wachinyamata, ndipo zaka zambiri ndakhala ndikunyamula katundu m'masitolo a ku Kamwala. Kusaka ndinabwera nako kuchokera kwathu. Loweruka lililonse la chilimwe, udzu ukapsa, ndinkatenga chibonga ndi thumba n'kulowera ku tchire la m'mbali mwa mafamu, kumene ntchenzi zimabisala m'mabango a m'makhwawa.

Galu wanga anali wamphongo, wofiira ngati njerwa yootcha, ndi banga loyera pachifuwa. Dzina anali nalo, koma atakula tonse pakhomo tinkangomuti mudala. Sanali galu wouwauwa. Akamva fungo la nyama ankaima chilili, n'kundiyang'ana kamodzi kokha ngati akupempha chilolezo, kenako n'kulowa m'mabango mwakachetechete.

Chaka china sitolo imene ndinkagwirako inatsekedwa, ndipo ndinakhala miyezi yambiri wopanda ntchito. Miyezi imeneyo mudala ndiye anali dzanja la Mulungu pakhomo panga. Tinkasaka katatu pa sabata. Mkazi wanga ankawamba nyama ina n'kusinthanitsa ndi ufa kwa anansi, ndipo ana athu sanagonepo ndi njala. Popempherera chakudya, mkazi wanga ankawonjezera mawu akeake pamapeto: "Mudalitsenso miyendo ya mudala." Ana ankaseka, koma ine ndinkavomera ameni ndi mtima wonse.

Mbiri ya galuyu inafalikira pakati pa osaka. Anayamba kubwera ndi agalu awo aakazi pachingwe, a ku Linda komweko, ena a ku Chawama, wina anayenda wapansi kuchokera ku Kanyama. Osakafe tili ndi lamulo lathu. Mwini mphongo salipiritsa. Koma ana akabadwa, akatsegula maso ndi kuyamba kuyenda, amabwera nawo onse m'beseni pakhomo pako, ndipo mwini mphongo ndiye woyamba kusankha. Umakagwira kagalu pa khungu la kumbuyo kwa khosi n'kukanyamula m'mwamba. Kakalira, kasiye. Kakakhala chete, kakapinda miyendo n'kumangokuyang'ana, umakatsegula pakamwa. Ngati kumwamba kwa m'kamwa kuli kwakuda, ameneyo ndi galu wa tchire. Palinso china chimene tonse timachidziwa koma sitichinena mokweza. Tiagalu tosowa otitenga timalowa m'thumba la saka pamodzi ndi mwala, n'kuponyedwa m'maenje aja amene madzi ake saphwa chaka chonse.

Apa ndi pamene woyesa uja anandipezera khomo. Sanabwere ndi mowa, pakuti sindimwa. Sanabwere ndi akazi. Anabwera m'beseni, wofunda, wonunkhira mkaka. Sindinagulepo galu ndi mmodzi yemwe, choncho ndinkadziuza kuti si umbombo, ndi gawo langa. Ndinkati kukana ndi kunyoza galu wa mnzanga. Ndipo ndikakumbukira maenje aja ndinkati ndikupulumutsa moyo. Tchimo langa ndinaliveka malaya a chifundo, ndipo linkaoneka bwino ndithu. Koma choonadi n'chakuti ndinkafuna mudala wachiwiri. Kagalu kalikonse ndikakanyamula, mtima unkandiuza kuti aka ndiko, aka kadzaposa atate ake. Pakapita miyezi iwiri kankasanduka galu wamba, ndipo maso anga ankayamba kudikira beseni lina.

Tsiku lina ndinalowa pakhomo dzanja limodzi lili m'jekete. Mkazi wanga anali kuchapa panja, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Batate bake, chili mu jekete ni chani?"

"Ni kamphatso chabe."

"Kamphatso kali na mchira? Tulutsani tione." Ndinakatulutsa, iye anapukuta manja pa chitenje n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Aka ni ka namba sikisi. Kazadya chani? Kapena kazadya mavesi?"

"Aka kokha, amake mwana. Aka ni komaliza."

"Kaja kakuda kanali komaliza. Kaja kodulidwa mchira nako kanali komaliza. Imwe komaliza kanu kamabala."

Ndinaseka, iye sanaseke. Anabwerera pa zochapa zake.

Pofika chaka chachitatu ana a mudala pakhomo panga anali asanu ndi anayi. Pamodzi ndi iye, agalu khumi pa kabwalo koti munthu akayanika zovala kadzaza. Ntchito ndinali nditapezanso, koma gaga amene ndinkatenga ku chigayo sanachuluke, ngakhalenso mitu ya nkhuku imene amayi a pamsika ankandisungira. Ndinkaphika zonsezo m'chitini n'kuthira m'beseni limodzi, chifukwa osaka timati agalu azidyera pamodzi kuti aphunzire kulimbana. Pamene anali atatu, mudala ankadya poyamba, enawo akudikira patali. Atakhala khumi, dongosolo limenelo linatha. Anawo anali ndi mano atsopano ndi mapewa otakata, pamene mudala mano anali atayamba kutha, ndipo lina linathyoka kalekale. Anayamba kumaima pambali. Anzake akachoka, ankapita kukanyambita beseni lopanda kanthu, n'kumalikankha ndi mphuno mpaka likagunde khoma. Phokoso la beseni limenelo pa simenti ndimalimvabe.

Nthiti zake zinayamba kuwerengeka. Ndinaona, sindinganame kuti sindinaone. Ndinkati galu wosaka ayenera kukhala wopyapyala. Mkazi wanga ndiye ankamuitanira kuseri kwa nyumba n'kumupatsa zotsala m'mbale yake, nthawi zina zosatsala n'komwe, zimene anadzimana yekha.

Ndinali ndi mnzanga wosaka naye, bambo wamkulu kwa ine, wokhoma mbaula pafupi ndi msika. Iyeyo moyo wake wonse sanasungepo agalu oposa awiri. Tsiku lina anaima pa mpanda wanga akuwerenga ndi chala.

"Mulamu, iyi ni sukulu kapena ni msonkhano wa chipani?"

"Ni gulu la nkhondo ili," ndinayankha monyada. "Muzaona chilimwe chino."

"Mphunzitsi mmodzi, bana naini. Nanga bazaphunzira liti?"

Ankanena zoona. Galu wamng'ono amaphunzira kusaka pothamanga pambali pa wamkulu chilimwe chathunthu, mmodzi yekha, mpaka atadziwa kukhala chete. Anga onse ankapita limodzi, akuuwa, akupondana, ndipo ntchenzi zinkatimva tikadali kutali. Ndi agalu khumi ndinkabwera ndi nyama yochepa kuposa imene ndinkabwera nayo ndi mmodzi. Ndipo m'malo mozindikira, ndinkati vuto n'lakuti sindinapezebe kagalu koyenera.

Lachitatu lina ndinatsogolera mapemphero m'nyumba ya mayi wina wamasiye wa mumpingo mwathu. Ndinalankhula za kukhutira ndi zimene Mulungu watipatsa, za diso la munthu limene silidzaza, za mdindo amene adzafunsidwa pa zonse zimene anasungitsidwa. Mawu ankatuluka bwino, anthu akuvomera. Mkazi wanga anakhala pakona akuyang'ana pansi. Kagalu kachisanu ndi chinayi kanali katafika m'mawa wa tsiku lomwelo, kali m'katoni kunyumba. Nditafika ndinagwada pambali pa bedi n'kulonjeza Ambuye kuti ndigawa ena mwa agaluwo. Ndinadzuka mtima utapepuka ngati ndachita kale. Sindinagawe ndi mmodzi yemwe. Aliyense ndikamuyang'ana ndinkapeza chifukwa chomusungira.

Tsono pali mwambo wina wa osaka: agalu sadya Lachisanu, kuti Loweruka mphuno ikhale yakuthwa. Patapita miyezi, sabata ina mu Okutobala, magetsi anavuta ndipo chigayo sichinagaye. Lachinayi ndinabwera wopanda gaga, agalu anangogawana timitu tankhuku towerengeka. Lachisanu sanadye monga mwa mwambo. Choncho pofika Loweruka m'mawa anali ndi njala ya masiku awiri, pamwamba pa njala ya miyezi yambiri.

Ndikumanga thumba, mkazi wanga anatuluka n'kuima pakati pa ine ndi mudala.

"Uyu musiyeni lelo. Onani mwamene ayendera. Nimupase kanthu apumule."

"Popanda iye tizabwera na thukuta chabe."

"Nanga aba bonse munabasungira chani?"

Ndinaimba mluzu, ndipo mudala anadzuka pang'onopang'ono, miyendo yakumbuyo ikuchedwa, n'kumulambalala mkazi wanga kubwera kwa ine. Sanakanepo mluzu wanga chibadwire.

Tinakumana ndi mnzanga wa mbaula kumapeto kwa komboni, iye ndi agalu ake awiri. Dzuwa la mwezi umenewo limawotcha kuyambira m'mawa. Tinayenda pa lupsa, phulusa likulowa m'mphuno, tinasaka makhwawa atatu osapha kanthu. Kawiri konse anawo anavumbulutsa ntchenzi patali ndi kuuwa kwawo, n'kuithamangitsa mwachisawawa mpaka inalowa kuuna. Mnzanga ankangopukusa mutu. Mudala ankatsalira m'mbuyo, lilime lili panja.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa kadambo kena kokhala ndi mabango obiriwira. Anawo anathamangira kumadzi. Nditacheuka ndinaona mudala ataima chilili, mphuno italoza m'mabango. Anandiyang'ana kamodzi. Ndinagwedeza mutu, iye analowa. Panapita kanthawi, mabango anagwedezeka, tinamva kulira kumodzi kwakufupi, ndipo anatuluka cham'mbuyo akukoka ntchenzi yaikulu, yonona, imene sindinaionepo chilimwe chimenecho. Anaiika pa mapazi anga n'kukhala pansi akupuma movutika.

Ndinafuula ndi chimwemwe. Ndinamuuza mnzanga kuti aone mwini ntchito, aone kuti ukalamba si matenda. Ndinatulutsa mpeni. Mwambo wathu ndi wakuti nyama imatumbulidwa pomwepo, ndipo matumbo amapatsidwa kwa galu amene wagwira, enawo akuona. Ndiyo njira yathu yomuthokozera galu, ndipo ndinali nditamuchitira mudala zimenezi kambirimbiri. Fungo la magazi litamveka, asanu ndi anayi aja anachoka kumadzi n'kutizungulira. Sanauwe. Kwa nthawi yoyamba onse anali chete.

"Mulamu, mangani bana aba poyamba," anatero mnzanga. "Onani maso yao."

"Ni bana bake. Bamudziwa."

"Njala siidziwa tate. Bamangeni."

Zingwe zinali m'thumba, pafupi ndi phazi langa. Koma ndinkafuna kuti anawo aone atate awo akulemekezedwa, ndinkati ndi phunziro. Ndinaponya matumbo aja pamaso pa mudala, ndipo iye anawanyamula pakamwa.

Woyamba kumugwera anali amene ndinkamunyadira kuposa onse, wofiira, wa banga loyera pachifuwa ngati atate ake. Enawo anatsatira nthawi yomweyo. Sindinaonenso galu mmodzimmodzi, ndinangoona mulu wa misana ndi fumbi lakuda la lupsa. Tinamenya ndi zibonga, tinakoka michira, tinakuwa mpaka mawu anatha. Ukachotsa mmodzi, awiri alowa. Mudala sanalume aliyense. Pakamwa pake panali podzaza ndi matumbo aja, ndipo sanawalavule, chifukwa ine ndinamuphunzitsa zaka zonsezo kuti chimene ndamuponyera ndi chake. Agalu awiri a mnzanga anakhala pansi patali, akungoyang'ana.

Pamene tinawabalalitsa, matumbo a ntchenzi anali atatha, ndipo amene anali pa fumbi anali a mudala. Mimba inali itang'ambika m'mbali, mwendo wakumbuyo ukulendewera. Anali moyo. Anayesa kudzuka atandiona ndikugwada.

Mnzanga anandigwira paphewa. "Nipaseni chibonga. Imwe yendani kuseri kwa chulu uko."

Ndinakana. Ndinati akafika kunyumba, mkazi wanga akamusoka, akachira. Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Sindinafune kuti zithere pamenepo, pamalo pamene dzanja langa linaponya matumbo aja. Choncho ngakhale chifundo chomaliza ndinam'mana. Ndinavula malaya n'kumumanga pamimba, ndinamunyamula pamapewa monga tinyamulira mbuzi, ndipo tinayamba ulendo wa maola awiri pa dzuwa limenelo. Mutu wake unali pafupi ndi khutu langa, ndinkamva mpweya uliwonse. Kamodzi anandinyambita pakhosi. Asanu ndi anayi aja ankatsatira m'mbuyo akugwedeza michira, akunyambita madontho amene ankagwa m'njira. Mudala anasiya kupuma titayamba kuona malata a ku Linda, pafupi ndi maenje a miyala. Amayi ophwanya miyala anaimitsa nyundo zawo potiona tikudutsa.

Mkazi wanga anatiwonera patali. Sananene kuti ndinakuuzani. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chake chakale, anachiyala pansi, ndipo ndinamugoneka pamenepo. Mnzanga atatulutsa ntchenzi m'thumba, mkazi wanga anati, "Iyo musalowe nayo mu nyumba yanga." Mnzangayo anapita nayo.

Nthaka ya kwathu ndi mwala wokhawokha. Ndinakumba ndi piki kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe mkazi wanga ankamudyetsera mobisa, mpaka manja anachita matuza. Titakwirira ndinafuna kupemphera, koma ine amene ndimapempherera anthu m'makomo ndinasowa mawu. Anapemphera ndi mkazi wanga, mwachidule: "Ambuye, munatipatsa, sitinasamale. Tikhululukireni." Anati "sitinasamale" ngati kuti analakwa nawo. Mawu amenewo anandiwawa kuposa kunditukwana.

Kuchotsa agalu asanu ndi anayi kunanditengera masabata ambiri. Anayi anatengedwa ndi anthu olondera mapuloti osamangidwa, awiri ndi wantchito wa kufamu, mmodzi anagundidwa ndi minibasi. Awiri anasowa owafuna, chifukwa nkhani inali itamveka, ndipo mmodzi wa iwo anali wofiira uja. Ndinapempha mnzanga wa mbaula kuti apite nawo kutchire. Anabwera yekha ndi zingwe ziwiri n'kuzikoloweka pa mpanda wanga. Agalu amenewo sanachimwe. Anachita zimene njala imachita, ndipo njalayo ndinaiweta ndine.

Mvula itayamba, mu Disembala, ndinamva belu la njinga pa mpanda. Anali wosaka wa ku Chawama amene anabwera ndi galu wake wamkazi kwa mudala milungu yochepa tsoka lisanachitike. Kumbuyo kwa njinga anamangirira beseni lophimbidwa ndi thumba la saka.

"Odi, bakulu! Nabweretsa gawo yanu. Ena nagawa kale mu mtima, koma mwini mphongo ndiye oyamba."

Anachotsa thumba lija. Munali tiagalu tisanu, ana omaliza a mudala. Kamodzi kanali kofiira ngati njerwa yootcha. Sindikumbukira kuti ndinaganiza zotambasula dzanja, ndinangoona kali m'mwamba, nditakagwira pakhosi. Pachifuwa panali banga loyera. Sikanalire. Kanapinda miyendo n'kundiyang'ana. Chala changa chinakatsegula pakamwa, ndipo munali mwakuda.

"Mwaona?" anatero mwini njinga. "Uyu ni mudala wabwera futi. Mulungu wakubwezerani."

Mkazi wanga anali ataima pakhomo. Bwalo linali lopanda galu, beseni lakale litavundikiridwa pakona. Mtima wanga unayamba kulalikira ulaliki wake wakale, ndi mawu okoma omwe aja: aka kokha, aka n'komaliza, aka n'kosiyana ndi tina tonse. Ndinawazindikira mawuwo. Ndinali nditawamva kasanu ndi kanayi.

Ndinakabwezera m'beseni.

"Sinitenga, mwana wanga. Pasani wina."

Nkhope yake inasintha. "Imbwa yanga yaipa chani kuti muikane? Ofuna bali babili chabe, ndipo bafuna twakuda. Aka mukakakana, mudziwa kwamene kayenda. Njira yanga ipita pa maenje."

"Nidziwa."

Anaphimba beseni mokwiya n'kukwera njinga osatsanzika. Ndinaima pa mpanda ndikumuyang'ana mpaka pamene njira imapatukira. Anakhotera kumaenje. Sindinamutsatire. Munthu ameneyo sandipatsanso moni tikakumana.

Sindilemba izi ngati munthu wopambana. Galu mmodzi ndikanatha kumudyetsa, ndipo ndafunsa Ambuye kambiri ngati kagalu kaja sikadzawerengedwanso pa ine. Yankho lomveka sindinalandire. Chimene ndikudziwa ndi mtima wanga: mwa ine mulibe kagalu kamodzi. Kakanakula, mbiri yake ikanamveka, mabeseni akanayambanso kufika. Ndinasiya kusaka, chibonga chinasanduka chotsekera chitseko cha chimbudzi. Koma mpaka lero ndikaona munthu akudutsa ndi beseni lophimbidwa, zala zanga zimapindika zokha, ndipo ndimazilowetsa m'thumba la buluku n'kupempha chisomo cha tsiku limenelo lokha.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wachifundo akutsegulireni maso kuti muone chimene chaima pambali pa beseni lanu chikudikira, chisanafooke. Akupatseni makutu omvera amene amakuuzani zoona m'nyumba mwanu. Agwire dzanja lanu pamene likutambasukira chimene simungathe kuchisunga, ndipo pamene munalephera kale, akuphimbeni ndi chikhululukiro chake. Mtendere wake ukhale pa makomo anu, pa ana anu, ndi pa chamoyo chilichonse chimene chimadya kuchokera m'manja mwanu. Ameni.